Mmene Mbale za Saulosi Zinathera pa Mowa

Ana inu, khalani pansi, ndipo timatelefoni tanuto mutigoneke chafufumimba, chifukwa amene akulankhula nanu lero si munthu wamba. Ndine mmodzi wa akatswiri a maulendo amene dziko la Zambia linabalapo. Ulendo wanga wapansi wochokera ku Chalimbana kupita ku Kanakantapa unasintha mbiri ya mabanja angapo, ndipo boma likadakhala ndi maso likadamanga chipilala panjirapo. Vuto ndi limodzi lokha. Ku Kanakantapako sindinafike. Ndinathera pakati, pansi pa mkuyu, pamene mayi wina ankagulitsa mowa wa masese.

Taonga, usaseke. Pakadapanda mowa umenewo, bwenzi ulibe ngakhale mano akusekerawo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Inu masiku ano mumakangana za ndale mpaka kusiya kupatsana moni. Ife tinalibe vuto limenelo. Pa pepala la voti pankakhala munthu mmodzi, ndipo wopikisana naye anali chithunzi cha chule. Sopo ankapezeka mwa mphekesera. Ukaona anthu aima pamzere pa sitolo, unkayamba waima nawo, kenako n'kufunsa kuti kwabwera chiyani.

Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku koleji ya aphunzitsi. Ndinakhalako chaka chimodzi ndi kachidutswa. Koleji ndi ine tinasiyana mwamtendere, monga anthu awiri amene aona kuti magazi awo sagwirizana. Iwo ankafuna kuti ine ndidziwe masamu. Ine ndinkaona kuti masamu ali ndi anthu okwanira kale owadziwa. Ndinachokako ndi jekete, tayi, nsapato zakuda zosongoka ndi dzina lakuti ba Ticha, limene anthu akundiitana nalo mpaka lero ngakhale sindinaphunzitsepo mwana wa munthu. Atate, amene anachokera ku Katete kudzalima kuno, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Chabwino. Khasu lako lili pamene unalisiya."

Tsopano mkulu wanga Saulosi, agogo ake a anzanu a ku Kanakantapa aja, anali munthu wina. Mawu ake anali osowa ngati sopo yemweyo, koma akagwira pulawo ng'ombe zinkachita kumulemekeza. Mtima wake unagwa pa mtsikana wina wa ku Kanakantapa dzina lake Jesinala. Tsoka lake, kondakitala wina wa basi nayenso anali atayamba kuzungulira pakhomo pa mtsikanayo, atavala chipewa cha kampani ndi kachikwama ka matikiti. Mlimi sangapikisane ndi chipewa. Choncho pabanja anagwirizana kuti mbale zipite Loweruka lomwelo, kondakitala asanatumize zake.

Za mbale simuzidziwa, inu ofunsirana pa telefoni. Unali mwambo umene tinaupeza kuno n'kuutengera. Unkatenga mbale ziwiri zachitsulo, kuikamo ndalama, kuvundikira ina ndi inzake, n'kuzimanga m'kansalu koyera. Nkhoswe inkapita nazo kwa makolo a mtsikana, kugwada, kuziika pamapazi awo, kuomba m'manja. Basi. Pakamwa sipankafunika. Mbalezo zinkalankhula zokha, ndipo panalibe munthu wamkulu amene sankamva chinenero chake. Kholo likamasula nsalu n'kuvundukula, ndiye kuti mawu alowa m'nyumba.

Nkhoswe yathu inali amalume a Zuze, alongo awo a amayi, munthu wodziwa kulankhula pa milandu ndi pa maliro, koma wa pakhosi pouma msanga. Ine anandisankha kukhala wonyamula, chifukwa cha jekete. Anati banja lioneke kuti lili ndi munthu wophunzira.

M'mawa tisananyamuke, Saulosi anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Analankhula mawu ambiri kuposa amene analankhula chaka chonsecho.

"Wedisoni, izi mbale ni moyo wanga. Nagulitsa mbuzi. Osazitaya, osazipatsa munthu. Na amalume, osawalola kuyang'ana kumbali."

Ndinamuuza kuti akulankhula ndi munthu wa ku koleji.

Unali mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limatuluka litakwiya kale. Tchire linali litapsa, timsipu tikungosuzumira m'phulusa, nyenje zikulira ngati zalipidwa. Inu mumadziwa msewu wokhawokha, mumakwera minibasi n'kumadandaula kuti mwapanikizana. Ife tinkadziwa njira: ya ngolo, ya kumadimba, ya ana a sukulu, ya ng'ombe yopita kumtsinje. Njira iliyonse inali ndi fungo lake. Munkadutsa pakhomo pa munthu, iye n'kukupatsani madzi m'chikho osafunsa dzina. Ku Silverest kumene mukukhalako, kumene nyumba iliyonse yadzitsekera mumpanda wa njerwa ngati yalakwira boma, kunali nkhwali ndi akalulu basi.

Pa msika wa Chongwe anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makhadi a umembala. Amalume anavula chipewa n'kutulutsa lawo m'katimo, litanyowa ndi thukuta. Ine ndinalibe, koma ataona tayi anaganiza kuti ndine wa ku ofesi, mmodzi mpaka anandichitira sawasha. Ndinagwedeza mutu mwaulemu wake. Ndiyo ntchito yaikulu imene maphunziro anga anagwirapo.

Titawoloka mtsinje, nsapato zinayamba kundiweruza. Zinapangidwira simenti ya m'kalasi, osati miyala ya ku Chongwe. Ndinkayenda ngati nkhuku yoponda pamoto, mbale ndili nazo pachifuwa. Dzuwa litafika pamutu, amalume anaima mwadzidzidzi ngati galu wamva fungo la gwape. Kutsogolo, pambali pa njira, panali nsungwi yaitali, pamwamba pake kansalu koyera kakupepeluka.

Chimenecho chinali chikwangwani cha nthawi yathu. Mayi akaphika mowa n'kupsa, ankakweza kansalu. Mowa ukatha, kansalu kankatsika. Panalibe magetsi ophethira kapena zimbale zaphokoso, koma palibe mwamuna amene anasocherapo.

"Mphwanga, uyiona nsalu ija?"

"Niyiona, amalume. Koma Saulosi anakamba kuti..."

"Saulosi anakamba kuti tife? Nkhoswe yofika na pakamwa pouma ikamba zouma. Chipanda chimodzi chabe."

Ndinatsutsa ndi mtima wanga wonse. Mapazi anga anavota ndi amalume.

Ana inu, malo amenewo ndimawaona mpaka lero ndikatseka maso. Mkuyu waukulu, mthunzi wake wozizira ngati m'tchalitchi. Zipika zokhalapo zosalala chifukwa cha mathalauza a anthu. Mpanda wa udzu, kuseri kwake dilamu lakuda ndi mwaye. Mitsuko ikuluikulu itakwiriridwa mpaka m'chiuno mumchenga wonyowa kuti mowa usatenthe. Madala angapo atakhala mozungulira, nkhwangwa zawo atatsamiritsa pamtengo, njinga imodzi itagona. Wina ankakhwakhwaza banjo ya chigubu cha mafuta, nyimbo yake yosadziwika poyambira. Pankamveka fungo la chimera, utsi wa nkhuni ndi nshawa zokazinga.

Mwini wake anali Amake Belita, mayi wa mtundu wa Asoli, wamasiye, wathupi, atakhala pamphasa pafupi ndi mitsuko ngati woweruza milandu. Mowa wake unali uja wa masiku asanu ndi awiri. Chimera cha mapira ankachimeretsa yekha, kuchiyanika, kuchisinja, kuphika phala, kulisiya ligone, kuliphikanso, mpaka tsiku lomaliza mtsuko unkayamba kulankhula wokha, kuti tsss, thovu likukwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona. Mowa wamoyo. Osati uwu wa m'mabotolo umene atate anu amamwa, wofanana kukoma kuyambira ku Livingstone mpaka ku Chipata ngati mankhwala a chifuwa. Kale mowa unali ndi dzina la mwini wake. Munthu ankalawa n'kunena kuti uyu waphika ndi uje, ndipo sabata ino anali wokwiya.

Amene ankatumikira anali mwana wake, Belita. Wamtali, wakuda bwino, kampata pakati pa mano, chitenje atachimanga ngati munthu amene alibe nthawi yocheza. Anatipatsa chipika, n'kuyang'ana mapazi anga.

"Ba Ticha, ni imwe muyendetsa nsapato, olo ni nsapato zikuyendetsani?"

Madala anaseka. Ndinafuna kuyankha m'Chingerezi, koma mawu onse anali atatsalira kumtsinje.

Amalume anayamba ndiwo, monga mwa ukulu. Amake Belita anatunga, anamwako kaye iwo eni pang'ono kuti aliyense aone kuti mulibe choipa, n'kupereka. Amalume anapendeketsa chipanda osapuma mpaka chinayang'ana kumwamba. Anapukuta ndevu, anati, "Apa pali mayi," kenako anaimirira kuti akaone tchire.

"Nabwera manje manje. Sunga katundu."

Atangopita, Amake Belita anatunganso n'kundikodola.

Apa mvetserani bwino, chifukwa akatswiri a mbiri adzakufunsani. Chinthu cha munthu wamkulu sulandira chiimirire, ndipo sulandira ndi dzanja limodzi. Umagwada, umalandira ndi manja awiri. Ine manja anga onse anali pa mbale. Kuzisiya pachipika sindikanatha, pakuti panali galu wa maso a mbala ndi nkhuku zosalemekeza katundu wa munthu. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo ndi nzeru zonse za ku koleji ndinaona kuti malo oyera ndi otetezeka pabwalo lonselo anali amodzi: pamphasa, pamapazi pa mayiwo.

Ndinapita, jekete ndi tayi. Ndinagwada. Ndinaika mbale zomanga m'nsalu yoyera pamapazi awo. Ndinaomba m'manja mwaulemu, monga anandilerera amayi. Ndinalandira chipanda n'kubwerera pachipika.

Ndinamwa.

Ana inu, ndamwapo zinthu zambiri pa moyo wanga, zina za madokotala. Koma zimene zinalowa pakhosi panga masana amenewo sindinazipezenso. Unali wozizira ngati madzi a m'mtsuko, wowawasa pang'ono poyamba, kenako kutsekemera kwa mapira kukubwera pambuyo, timasese tikukanda lilime, ndipo ukafika m'mimba umakhala pansi ngati mlendo wodziwa malo ake. Mapazi anasiya kuwawa. Nyenje zinayamba kuimba molongosoka. Ndinamwanso kachiwiri, maso ali chitsekere.

Nditatsegula maso, banjo inali itasiya. Madala onse ankandiyang'ana. Amake Belita anali atamasula nsalu. Ndinaona dzanja lawo likukweza mbale yapamwamba, ndinafuna kufuula, koma m'kamwa munali modzaza mowa, ndipo mowa woterowo munthu salavula.

Nthungululu imene anaimba mayiwo inadzutsa mbalame zonse mumkuyu.

"Belita wapeza ticha!" anafuula wa banjo. Akazi anatulukira kuseri kwa mpanda, kumene sindinkadziwa n'komwe kuti kuli anthu. Mdala wina wa ndevu zoyera, mlamu wawo wa mayiwo, anabwera n'kundilanda chipanda m'manja mofatsa.

"Mwana wanga, wachita bwino, koma mwambo suudziwa. Mkamwini samwa pamaso pa apongozi. Tiye uku."

Anandikhazika kuseri kwa nkhokwe, nditafulatira bwalo. Chipanda changa ndinachiona chikupita m'manja mwa munthu wina.

Amalume anandipeza komweko akumanga lamba.

"Iwe, ni chani ichi? Mbale zili kuti?"

"Zili pa mphasa, amalume."

"Unaziika ndiwe?"

"Ninafuna manja."

"Unagwada?"

"Ninagwada."

"Unaomba?"

"Amayi ananiphunzitsa."

Amalume anavula chipewa, anayang'anamo ngati khadi la chipani liwauza chochita, n'kuchivalanso.

"Tiyeni tikawauze kuti talakwitsa," ndinatero ine. "Saulosi anagulitsa mbuzi."

"Mphwanga, mbale yovundukulidwa pa anthu siibwerera. Ukaitenga, watukwana mwana wa eni. Mawa Chongwe yonse izakamba ati Belita anamubweretsera mbale, anamuyang'ana bwino, anazitenganso. Azamukwatira ndani? Elo wayang'ana pa mtengo paja? Saulosi ali kutali. Nkhwangwa zili pafupi."

Tidakali kunong'onezana choncho, Belita anatulukira atanyamula madzi m'beseni, ngati wabwera kudzasambitsa alendo m'manja. Anagwada chapatali. Sanali kuseka tsopano. Amalume anayamba kuyang'anitsitsa denga la nkhokwe.

"Ba Ticha," anatero motsitsa mawu, "nidziwa kuti si zanga. Ninaona mmene munali kuzigwirira pobwera. Munthu wofika kumene apita sagwira so."

Anaika beseni pansi n'kupitiriza.

"Azaniitana manje kuti anifunse ngati nikudziwani. Ngati muzitenga, kambani lelo. Nizanyamula manyazi lelo, yazatha. Koma osati muvomere apa chifukwa cha mantha, mawa muthawe. Icho sinizakhululuka."

Ana inu, ine ndinali katswiri wosiya zinthu pakati. Koleji ndinaisiya pakati. Kwaya ya ku tchalitchi ndinaisiya pakati pa nyimbo. Mtsikanayu ankanditsegulira yekha chitseko chothawira, manyazi onse n'kuwasenza iye, pamaso pa makasitomala a amayi ake amene adzawatungira mowa mawa ndi mkuja. Maso sanagwetse. Ndinaganiza za Saulosi ndi mbuzi yake. Ndinaganiza za nkhonya zake, zimene ndinkazidziwa bwino. Kenako ndinamva pakamwa panga pakulankhula popanda kundifunsa.

"Ni zanu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Muphunzitsa kuti?"

"Siniphunzitsa. Ninasiya."

"Nchito?"

"Nilibe."

"Kulima mudziwa?"

"Nidziwa kufotokoza mmene alimira."

Kampata kaja kanaonekera pang'ono. "Vulani nsapato izo, muzalemala," anatero, n'kunyamula beseni lake.

Atamuitana pabwalo, ine ndinkamvera kuseri kwa nkhokwe. Mdala wa ndevu anafunsa ngati alendowa akuwadziwa. Kenako nthungululu inaphulikanso, ndipo amalume, amene anali atasuzumira, anati, "Watola ndalama, wapatsa amake. Mphwanga, wakwatira." Atatero anapita kukagwira ntchito ya unkhoswe, imene anaigwira bwino kwambiri, ndipo anawapatsa chipanda china chaulere.

Za Saulosi mukufuna kumva, ndikukuonani. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Kenako anandimenya kamodzi kokha, apa, pamene dzino ili kulibe. Anagulitsa mbuzi ina, ndipo Loweruka lotsatira mbale zatsopano zinanyamulidwa ndi mkulu wa mpingo wosamwa ngakhale thobwa la munkoyo logona. Anapeza kondakitala atasamutsidwira ku njira ya Kabwe, chipewa ndi zonse. Jesinala anakwatiwa ndi Saulosi. Za mbuzi yoyamba atate anagamula kuti yagwira ntchito ya pabanja, mlandu unathera pomwepo. Koma mpaka kumwalira kwake, mkulu wangayo sanandipatsenso kanthu kuti ndimunyamulire, ngakhale chikwanje.

Kulima anandiphunzitsa ndi agogo anu a Belita, mzere ndi mzere, ine ndikufotokoza, iwo akundiuza kuti nditseke pakamwa ndiweramire pansi. Tinalima chimanga, tinalima matimati kudimba, tinabereka amayi a ena mwa inu ndi atate a ena, tinaika ana awiri m'manda, tinaona ndalama zikusintha ndi zipani zikuchuluka. Mowa wa apongozi sindinaulawenso. Zaka zonse zija ndinkadutsa kuseri kwa mpanda ngati wakuba, fungo likunditsatira, anthu achilendo akumwa ine ndikumeza mate. Pamene anadzandilowetsa m'nyumba mwamwambo, ana atabadwa, kuti tsopano ndingadye ndi kumwa pamaso pawo, anali atalowa mpingo woletsa mowa. Dilamu ankasungiramo chimanga. Anandipatsa tiyi.

Chaka chatha, titaika agogo anu a Belita m'manda, ndinapempha atate ake a Taonga kuti andipititse pamalopo ndi galimoto. Mkuyu anadula. Pali mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, mkati galu akuuwa. Ndinaima panja pang'ono, chipewa m'manja. Mlonda anafunsa ngati ndikufuna puloti.

Mdzukulu wangayu Mapalo akufunsa kuti ukwati wonsewu unandidyera zingati, poona kuti masiku ano malowolo mumachita kuwerengera pa makina. Ndikuuzani, ndipo musauze anyamata anu, angalimbe mtima.

Tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, tikunyamuka kubwerera, nsapato zili m'manja, ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Belita. Ndinaima, ndinakonza tayi, poganiza kuti wabwera kudzanena mawu okoma oti ndiziwakumbukira m'njira. Anatambasula dzanja.

"Ya mowa."

"Koma manje ndine mkamwini."

"Pamene munali kumwa munali kasitomala."

"Sininatsirize."

"Uyo ni mulandu wanu."

Ndinapisa m'thumba la jekete n'kumupatsa ndalama imodzi yachitsulo. Anaiyang'ana mbali zonse ziwiri, anaimanga pa mfundo ya chitenje, n'kubwerera kwa amayi ake osacheuka.

Ngwee khumi.